Mukatenthe mabuku a nyimbo a abambo

Kitwe, Zambia
12 Ogasiti 1975

Okondedwa achemwali a Consolata,

Moni nonse kwathu kwa Mlonyeni. Muli bwanji pamodzi ndi alamu a Alfred ndi ana? Nanga amayi, mwendo uja ukuwalola kufika kudimba? Ine kuno thupi lili bwino, ntchito ya kumgodi ikuyenda, koma mtima wokha ndiye ayi. Kalatayi sindinaiponye kupositi. Ndapatsira a Saulosi, oyendetsa lole aja amene amaima pa Kamwendo, kuti akupatseni m'manja.

Ndi a Saulosi omwewo amene andiuza Lamulungu lapitali kuti abambo anatengedwa ndi apolisi mu Juni, ndipo mpaka lero simukudziwa kumene akusungidwa. Miyezi iwiri yathunthu, achemwali, ine ndikudya ndi kuseka kuno! Sindikukudandaulani kuti simunandilembere, ndikudziwa chimene munkaopa. Koma chinawamangitsa ndi kalata yanga, ndiye mumve kwa ine mwini mmene zinayendera.

Mukudziwa mmene abambo amakondera nyimbo za mkulu wa ku Jeremani uja, amene anamwalira zaka zoposa mazana awiri zapitazo. Chiwaphunzitsireni wansembe wachizungu uja kuliza limba kumishoni, sanafunenso za wina. Ife ana zinkatitopetsa. Inu munkati nyimbo zopanda ng'oma n'zachiyani, zimangozungulira ngati munthu wosokera m'munda wa chimanga. Ine ndinkaseka kuposa inu.

Kutchalitchi kwathu kuno kuli bambo wina wachikulire, a Benedicto, ndiwo amaliza limba. Atamva kuti ndine mwana wa mnzawo pa ntchito yoliza limba, anandiitanira kwawo n'kundiikira mbale pa galamafoni. Achemwali, zimene tinkamva kwathu zija zinali fungo chabe. Limba la kumishoni lija n'lotha mpweya, abambo ankachita kulimbana nalo. Apa ndinamva gulu lonse la oimba, mavayolini, zitoliro. Mawu amodzi amayamba okha, ena n'kulowa pambuyo ndi nyimbo yomweyo, enanso n'kutsatira. Aliyense akulima mzere wake, osapondana, koma kumapeto kwa munda onse akufika limodzi. Mutu wa munthu mmodzi unasunga bwanji zonsezo, ine sindikudziwa.

Nyimbo ina inali yaitali, ya masautso a Ambuye. Pamene Petulo wakana katatu, mayi mmodzi amaimba yekha ndi vayolini imodzi. Chijeremani sindimva ngakhale liwu limodzi, koma ndinadziwa kuti uyu ndi munthu wolakwira amene amamukonda, ndipo sangathe kubweza. Ndinalira pamaso pa eni nyumba, ine wandevu zangazi. Ndinachita manyazi pokumbukira mmene tinkawasekera abambo.

Ndiye ndinafuna kuwapepesa. A Benedicto ali ndi buku la nyimbo za limba zimene abambo alibe. Ndinabwereka, ndinajambula mizere ndi rula, n'kukopera kadontho kalikonse monga ndinkawaonera iwo akuchita. Masamba asanu ndi limodzi, masabata atatu. Ndinaika mu envulopu n'kuponya, ndikudziyesa mwana wabwino. Kupusa kwanga! Zaka zinayi ndili kuno, osaganiza kuti kalata ya sitampa ya Zambia imatsegulidwa m'njira.

Otsegulawo anaona timadontho, mizere ndi manambala, popanda mawu. Anati ndi zolemba zachinsinsi zochokera kwa anthu amene anathawa m'dziko. A Saulosi akuti abambo anawapempha kuti apite nawo palimba akawalizire pepalalo, amve okha kuti ndi nyimbo ya m'tchalitchi. Apolisiwo anayankha kuti munthu wodziwa kuwerenga zimenezo ndiye amene akumufuna. Akuti anawakweza galimoto osavala nsapato, chifuwa chija chili chikhalire.

Tsopano pempho langa ndi limodzi. Pansi pa bedi la abambo pali bokosi lachitsulo lija. Muli mabuku khumi ndi limodzi, nyimbo za mkulu yemweyo, zimene anakopera ndi dzanja lawo kwa zaka makumi atatu. A Saulosi anamva pa Kamwendo kuti anthu aja akufuna kubweranso kudzafufuza m'nyumba. Ngati masamba asanu ndi limodzi atenga abambo, mabuku khumi ndi limodzi atenga ndani? Alamu ndiwo amatsogolera kwaya, dzina lawo ndi loyamba. Mudzatsala nokha ndi ana anayi ndi amayi odwala.

Mukatenthe, achemwali. Onse. Musakwirire pansi, dothi lofukula limaoneka ndipo anthu amalankhula. Musakasungitse kwa wina, mudzangomuika m'mavuto. Nyengo ino aliyense akutentha mapesi, palibe amene adzafunse za utsi. Muike m'dengu, pamwamba muphimbe ndi zinyalala, mupite nawo kumunda masana ngati tsiku lina lililonse. Muime pomwepo mpaka zikuto zomwe zipse. Kalatayinso ilowe m'moto womwewo.

Ndikudziwa chimene ndikupempha. Mabukuwo ndinayamba kuwamvetsa chaka chino chomwe, ndipo ndine ndikuwatenthetsa. Ndikanatha ndikanabwera kudzayatsa ndekha, koma dzina langa linali kuseri kwa envulopu ija, ndikangofika pachipata sindidutsa.

Amayi adzanena kuti tidikire eni ake atuluke tiwafunse. Musadikire. Mulungu akawasunga n'kubwera, adzayamba kugwada pabedipo kufuna bokosi lawo asanamwe n'madzi omwe. Tsiku limenelo musadzanene kuti munaganiza nokha. Mudzawauze kuti Mateyo ndiye analamula, yemwe uja anawamangitsa. Adzadane ndi ine, inu akusiyeni.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwagwire dzanja m'malo mwanga. Moni kwa alamu, kwa azakhali a Tabeth, ndi kwa mwana wanu Filomena ndi abale ake. A Saulosi adutsanso pakatha masabata awiri. Musalembe kanthu, mungowauza pakamwa kuti kumunda mwatentha.

Ndine mlongo wanu wolakwa,
Mateyo