Ndinamuuza mlamu kuti aope dzanja lamanja

Aphungu,

Ndiye amene akuti ine Grain sindidziwa za nkhonya abwere adzandiuze pamaso! Mabopane yonse inkati Zakeyu sadutsa raundi yachiwiri. Ndani anakwera pampando mushopu n'kunena kuti apambana? Ine, wa Sitandade 6 yemweyu. Ndakulemberani chifukwa nyuzipepala yanu imatipeza kuno ku Joni, ngakhale imafika atakulungira usipa.

Ndiyambe bwinobwino. Ndimameta anthu pafupi ndi renki ya matakisi. Zakeyu ndi mchimwene wake wa Elube, mtsikana amene ndikufuna kumanga naye banja. Kuno kulibe amalume, mwini mbumba ndi iyeyo. Akati ayi, basi ndatha. Amagwira ntchito ya m'gadeni ku Centurion, madzulo n'kumamenya thumba la mchenga kuseri kwa galaja ya bwana wake. Mwezi watha wankhonya wina anathyoka chala, ndiye anamuitana Zakeyu mwadzidzidzi kuti alowe m'malo, akamenyane ndi Tshipi wa ku Winterveld, chimunthu choti chinali chisanagonjepo.

Mushopu munali phokoso lokhalokha. Kassimu wogulitsa mawotchi akuti, "Aise, yambani kusonkha, kutumiza maliro ku Malawi si masewera." Ine ndikuti, "A Kassimu, inu mumadziwa mawotchi akufa basi. Tshipi ndi wolemera, amapumira kukamwa. Nkhonya zikangotalika, miyendo yake imasanduka phala." Ndinkanena zomwe ndikudziwa, paja kaseti ya vidiyo ya Tshipi ndinkaionera tsiku lililonse uku ndikumeta. Zakeyu sanaionepo, amapuma Lamlungu lokha. Ndiye ndinamuuza kuti, "Achimwene, dzanja lamanja ndilo lakupha. Lamanzere limangogona tulo. Muzizungulira cha kumanzere kwakeko, muli pabwino."

Tsiku linakwana, holo yodzaza thothotho. Belu litangolira, Zakeyu anazungulira momwe ndinamuuzira muja. Eish! Lamanzere logona lija linatulukira kaya kuti, phi! Munthu chagada, osagwedezeka. Elube anandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa, akungoti, "Grain, amayi ndikawauza chiyani?" Ine nthabwala zonse zinauma. Ndinapemphera, Aphungu, ine amene kutchalitchi ndimangopita moperekeza.

Kenako mwendo wa Zakeyu unagwedera. Anadzuka! Nzeru zanga zija anazitaya, n'kumangozemba ndi kukumbatira. Pofika raundi yachisanu Tshipi anali wefuwefu monga ndinanenera, Zakeyu n'kuyamba kumusosola, mpaka kupambana pa mapointi. Kuchipatala akuti mutu uli bwino, chibwano chokha ndi chomwe chinatupa. Mpaka lero ndikamuona akutafuna nyama, mtima wanga umakhala pansi.

Panopa ndine dolo. Kassimu akandiona amavula chisoti. Zakeyu akunditchula "alamu" pagulu. Akuti, "Njoka ija inamva kuti tayidziwa, inasintha manja. Ulendo uno ibwerera ku lamanja, tikonzekere limenelo." Paja akabwerezana mu Disembala, ndipo akufuna ine ndikakhale pakona pake, ndizikamulangiza nkhonya zili mkati.

Koma Tshipi sanasinthe kanthu. Dzana ndikumeta munthu, kaseti ija ikuonetsa, chipeso chinagwa, ndinatembenuka kuti nditole. Ndi pomwe ndinaona. TV ya mushopu ili kumbuyo kwanga. Masiku onse aja Tshipi ndinkamuonera pagalasi. Munthuyo ndi wamanzere chibadwire!

Ndiulule, mwina n'kutaya Elube? Kapena ndingoti zii? Zina zonse ndinalasa, Aphungu. Galasi lokha ndi lomwe linandipusitsa, koma amene anagwa si ine.

G.M., Mabopane, Pretoria

G.M.,

Ndaseka, kenako ndasiya. Thokoza Mulungu kuti Zakeyu anadzuka. Ena sadzuka.

Galasi silinakupusitse, mwanawe. Ilo linagwira ntchito yake. Iwe ndi amene unayamba kulankhula usanatembenuke. Komabe usadzione ngati chitsiru: zakutopa kwa Tshipi unaziona bwino, maso uli nawo. Pakamwa pokha ndi pomwe pamathamanga.

Ulula sabata yomwe ino. Yamba ndi Elube, muli awiri, nthabwala utazisiya pakhomo. Asadzazimve kwa Kassimu. Kenako Lamlungu umuitane Zakeyu kushopu usanatsegule. Mukhazike pampando wometera, yatsa kaseti, aonere pagalasi, ndiye umuuze atembenuke. Adzionera yekha. Upepese momveka, osayamba ndi "paja ndinati mupambana." Akakwiya musiye akwiye, chibwano chinali chake. Ungoimako patali pang'ono, manja ake ukuwadziwa.

Pakona pake usakakhalepo ngati mlangizi. Muthandize kupeza mphunzitsi weniweni komanso mnzake wamanzere woti aziyeserera naye, ndipo akaonanenso ndi dokotala asanavomere za Disembala. Iwe ukafuna, ukagwire ndowa ya madzi.

Za Elube usade nkhawa kwambiri. Mlamu wopepesa amakhululukidwa, ngakhale zitatenga miyezi. Koma chenjera: ukakhala chete, Zakeyu n'kukalowanso m'dzanja lomwe lija, ulendo uno sudzanamizira galasi. Udzakhala utamutumiza ukuona, ndipo funso lija la Elube, loti amayi akawauza chiyani, udzakayankha ndiwe.

Aphungu