Nsalu Yomwe Dalitso Wawononga

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Nancholi tilipo, mwendo wa amayi uja wayamba kupepuka.

Koma ntchito yanga ili pangozi chifukwa cha Dalitso, mng'ono wa amuna anu, yemwe munandichonderera kuti ndimulowetse kufakitale. Ulusi timapangira nsalu ya zikwama uja ndi wa pulasitiki wamitundu iwiri. Pulasitiki wakunja kwa ulusiwo amasungunuka mu uvuni n'kumata nsaluyo, wam'kati amayenera kutsala wolimba. Lachinayi magetsi atabwera mochedwa, iye anakweza moto kuti tithamange. Nditamuletsa anati, "Asisi, inu mumaopa chilichonse." Zonse zinasungunuka, mpukutu wonse n'kuuma gwa ngati beseni.

Abwana atafunsa, mnyamata wanuyo anangoti makinawo ndimayang'anira ndine. Ndinakhala chete polemekeza inu.

Lolemba atiitana ku ofesi, ndipo mmodzi achotsedwa. Amayi akuti ndimukhululukire poti n'chibale. Ine ayi. Muimbireni foni akanene yekha zoona. Akapanda kutero ndikanena ndine, ndipo musadzandidandaule.

Moni kwa ana. Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Tadala