Malaya a Matumba Awiri

Lachinayi, mwezi wa Okutobala. Kwatentha tsiku lonse, mphepo yake ngati yochokera m'ng'anjo.

Lero ndinavala malaya atsopano amene anandisokera telala wa ku Chiromo, obiriwira modera, a matumba awiri pachifuwa, pamodzi ndi buluku langa la kaki. Nsaluyo ndinasankha ndekha chifukwa siionetsa fumbi. Kuvala zoyera kuno kwa Mlolo n'kungotaya sopo.

Masana, popita kudoko kukagula nsomba, ndinadzera njira ya kumadimba. Ndinakumana ndi mayi wina, mmodzi mwa othawa nkhondo ku Mozambiki, atasenza ndowa ya madzi, mwana kumbuyo. Atangondiona anaponya ndowayo n'kugwada m'matope, n'kuyamba kundichonderera. "Ndaphata miyendo, baba, lekani mwana!" Mwanayo sanalire n'komwe. Anangobisa nkhope kumsana kwa amake ngati wozolowera.

Ndinati, "Dzukani mayi, ine ndine mlimi wa thonje, si msilikali ayi." Sanadzuke. Maso ake sanali pankhope panga, anali pamatumba aja. Ndinatola ndowa, ndinakamutungira madzi ena, n'kumuikira pafupi, ine n'kumapita. Nsomba ndinagulabe, milamba yowamba.

Kunyumba mkazi wanga, amake Rozina, anamvetsera nkhaniyo akusankha mpunga. Anangoti, "Ndinakuuzanitu, bambo, kuti mugule nsalu yabuluu." Sanandiuzepo zimenezo, koma sindinatsutse.

Malayawo ndawapachika pamsomali kuseri kwa chitseko. Ndi abwino, msoko wake ndi wolimba, ndipo ena ndilibe kupatula oyera a kutchalitchi. Mawa ndi tsiku la msika, ndipo othawa nkhondo amadzaza pamenepo. Matumbawo ndikhoza kuwachotsa ndi lezala. Nanga mtunduwo…