Apongozi Anga Ndi Moto

Lachinayi, 28 Malichi

Chibwerere apongozi muno, nyumba yasanduka chipatala. Lero agwira mkono wa Mayi Tu a m'chipinda cha m'munsi, omwe anangobwera kudzapempha viniga, n'kuwauza kuti ndi munthu wa Dothi, nkhawa zambiri, kapamba wofooka, asiye zotsekemera. Apongoziwo, Dokotala Pang, ati anapuma pa udokotala wa zitsamba. Kupuma kwake n'kwa pakamwa.

Kwa iwo aliyense ali ndi mtundu wake. Mwamuna wanga Zhenhua ndi Mtengo: makani, kupsa mtima, chiwindi. Iwo eni ndi Moto, ndipo amanyadira. Ine Chitsulo. Anandiuza tsiku lomwe Zhenhua anakandionetsa kwawo, tiyi ndisanamalize n'komwe. "Chitsulo chimadula Mtengo," anatero akuseka, ndipo mpaka lero sanasiye. Ndikangoyamba kupinda matawulo, ati nkhwangwa yadzuka.

Loweruka, 30 Malichi

Anthu akuwayamikira apongozi. Amuna awo anamwalira mu Januwale, koma taonani, m'mawa uliwonse avala malaya ofiira, ulendo kokavina ndi anzawo kubwalo. Pa maliro sanagwetse msozi. Mawa lake anapereka mbalame ya malemu pamodzi ndi khola lake lansungwi kwa Bambo Kuang, mnzawo wa malemu, n'kunena kuti tsopano agona bwino, phokoso ndi zitosi zatha.

Zhenhua akuti Amayi ndi olimba. Ine ndimachapa zovala zawo. Siketi aibweza m'chiuno ndi mapini. Phala la mpunga amangolitakasa, nkhani zili mbwee, kenako mbale kusinki.

Lamulungu, 31 Malichi

Mkangano patebulo. Lachinayi ndi Qingming, tsiku losesa manda, loyamba chimwalirire Bambo ake a Zhenhua. Amayi akuti sapita, gulu lawo lili ndi mpikisano wovina, akufa sathawa. Zhenhua anamenya tebulo, msuzi kutayikira. Iwo anangoseka, ati onani chiwindi, Shuyun muphikire tiyi wamaluwa.

Ndamuphikira. Sanamwe.

Lolemba, 1 Epulo

Ndakumana ndi Mayi Tu pamasitepe. Akufunsa ngati mwendo wa Dokotala Pang wachira, poti kovina sanaonekeko chichokere maliro. Mpikisano? Sakuudziwa.

Ndayankha kuti uli bwinoko. Zhenhua sindinamuuze. Akanayamba n'kukalipa.

Lachiwiri, 2 Epulo

Ndapempha kuchedwa kuntchito, ndawatsata Amayi. Manyazi, mayi wamkulu ngati ine kubisala kuseri kwa ogulitsa mbatata yootcha.

Sanakhotere kubwalo. Anakwera basi mpaka kupaki ya m'mbali mwa mtsinje, kumene madala amapachika makola a mbalame zawo m'mitengo iwo akumwa tiyi. Sanafike pafupi. Anakhala pabenchi kuseri kwa nsungwi, pomwe Bambo Kuang sangawaone. Mbalame zinali zambiri, zonse zikuimba, koma ina itayamba, iwo anatukula mutu. Mwa zonsezo anaizindikira ya malemu ija. Milomo yawo imayenda, mawu osatuluka.

Sindinawaonepo atakhala chete chotero. Malaya ofiira aja ngati obwereka.

Ndinafuna kubwerera, koma miyendo inandifikitsa pabenchipo. Ndinakhala kumapeto. Anandiyang'ana kamodzi, sanaseke. Ine sindinafunse kanthu, chifukwa chofunsa ndinalibe. Tinakhala mpaka madala anayamba kuvindikira makola ndi nsalu.

Pobwerera m'basi anangonena kuti malemu ankaipatsa dzira lophika Lachiwiri lililonse, Kuang sadziwa zimenezo.

Lachitatu, 3 Epulo

Amayi anditengera jekete okha m'mawa. Ndapita nawonso.

Lero alankhula, maso ali kumitengo. Akuti munthu wa Moto akakhala chete, aliyense amathamanga kudzafunsa ngati wadwala, ndiye bola kuseka anthu akusiye. Akuti zaka zonse ankauza odwala kuti chisoni chimakhala m'mapapo, munthu alire chituluke, koma iwo akafuna kulira pamabwera chiseko. Kumanda akuopa. Akakaseka pamaso pa mwana wawo, pamwala wa bambo ake?

"Iwe sufunsa," anatero. "N'chifukwa chake ndikukuuza."

Ndinati mwina n'chifukwa ndine nkhwangwa.

Anandiyang'ana. Kenako: "Poto nayenso ndi chitsulo, Shuyun."

Ndinayang'ana kumbali. Zaka zonsezi, ndiye akandiuzire kuseri kwa nsungwi.

Madzulo ndauza Zhenhua kuti mawa atsogole yekha kumanda, asawaumirize Amayi. Anayamba kukweza mawu, ndinamuuza za pabenchi. Anakhala pansi. Anafunsa kuti bwanji sanauze iye, mwana wawo. Wapita kukagula zofukiza ndi malalanje, maso ali psuu.

Lachinayi, 4 Epulo

Mvula yowaza chiyambire m'mawa. Zhenhua ananyamuka kukadali chisisira, ndi tsache ndi zonse. Potuluka anaima pakhomo pa amayi ake, sanagogode.

Ine ndinaphika dzira, n'kulikulunga m'kansalu. Amayi anaona. Lero avala zotuwa.

Titafika kupaki, madala anali ochepa chifukwa cha mvula, atabisala pakhonde la nyumba ya tiyi. Sindinapite kubenchi. Ndinalunjika kwa Bambo Kuang, ine amene ngakhale kumsika sindinenerera. Ndinawapatsa moni, n'kunena kuti tabweretsera mbalame dzira.

Anayang'ana kudutsa phewa langa. Akuti akhala akuona malaya ofiira kuseri kwa nsungwi kuyambira Febuluwale, maso awo sanafe, koma Dokotala Pang ndani angawaitane asanafune okha? Anatsitsa khola n'kupita nalo komwe Amayi anaima. "Mlamu, tengani chinthu chanu. Kwanga siimba bwino, ikundiyesa mlendo."

Amayi anayamba kuseka, chiseko chawo chija chokweza. Ati Kuang ndiwe Madzi enieni, kuona zinthu n'kungokhala duu. Ananyema dzira, kulowetsa chala m'khola. Mbalame inajompha. Chiseko chinapitirira, kenako chinasweka pakati, n'kusanduka china. Anagwira mkono wanga mwamphamvu mpaka zikhadabo. Madala onse anatembenukira ku makapu awo, mmodzi n'kuyamba kukamba za mvula mokweza. Ndiwathokoza mpaka kale.

Amayi analira nthawi yaitali. Atatha anamina, n'kundifunsa ngati basi yopita kumanda ikadalipo.

Ndikulemba tili m'basimo, zilembo zikupotoka. Ndamutumizira Zhenhua uthenga kuti asachoke, wayankha kuti wasiya mbali imodzi yosasesa. Khola lili pamiyendo panga, lovindikira. Amayi agona, mutu paphewa langa, kukamwa kuli yasa. Dzanja lachita dzanzi koma sindisuntha.