Uthenga wachinayi wochokera pa foni yanu

Amayi, kumeneko mukukhala bwanji? Ndayamba ndi moni chifukwa munandilera choncho, koma funso langa lenileni ndi ili: anayambitsa ndani zoti mwana akakhala kutali ndi sukulu asauzidwe maliro a mayi ake? Aliyense kuno ku Vubwi akuti ndi mmene zimakhalira. Amalume a Yohane akuti anandichitira chifundo. Ine chifundo chimenecho chikundikanika kumeza.

Mukukumbukira mmene ndinachokera. Yunivesite itandisankha kukaphunzira temu imodzi ku Finland, ndinabwera kudzatenga katundu, galimoto ya ku Chipata n'kufika inu muli kudimba. Sindinadikire. Ndinakuimbirani basi ili kale ku Katete, inu n'kungoti, "Tikambenji, nshawa sazula mothamanga, zimatsalira m'nthaka." Ndinaseka.

Kuja, miyezi imeneyo, kumada anthu atangodya chamasana. M'basi sapatsana moni. Chipale chofewa chikagwa, ngakhale mapazi ako omwe suwamva. Chondilimbitsa mtima chinali mauthenga a mawu amene munkanditumizira Lamlungu mukaweruka kutchalitchi, mutakwera pachulu paja pogwira netiweki ya ku Malawi. Mu Novembala mauthengawo anafupika. Mphepo yambiri, mawu ochepa: tili bwino, mvula yayamba, limbikira. Ndinkati mwina ndi kutopa kwa kumunda.

Nditatsika galimoto mu Disembala, maso anandiuza munthu asanatsegule pakamwa. Lute mng'ono wanga, amayi aang'ono a Esnati, ana a amalume, onse tsitsi lofanana, lalifupi ngati msipu wophukira pa lupsa. Lumo linali litadutsa pakhomo. Inu munali mutagona kumanda masabata asanu ndi awiri.

A Esnati anaulula okha, misozi ili chuchuchu. "Mwanawe, amalume ako anati mawu anga ndi a akulu anga n'ngofanana, ndizilankhula ngati iwo mpaka ulembe mayeso. Ndinatumiza katatu, mtima n'kukana. Ndinachotsa batire, foni n'kuitsekera m'sutikesi mwawo."

Amayi, ine mauthenga ndili nawo anayi.

Wachinayiwo unafika Lachitatu masana ndikutuluka m'kalasi, kunja kutada kale. Mulibe mphepo, mulibe nkhuku, mulibe ana osewera. Muli kupuma kokha, kenako mawu: "Tika, sunanditsanzike." Tsiku limenelo ndinayankha mwanthabwala kuti ndikugulirani juzi ya chipepeso. A Esnati nditawaikira kuti amve, anagwira pakamwa n'kutuluka panja. Amalume akuti netiweki ya m'malire muno imasunga mawu n'kudzawabweretsa mochedwa. Ine ndaphunzira sayansi ndipo ndikufunitsitsa kuwakhulupirira. Koma sutikesi ndaitsegula ndekha. Foni ili uku, batire lake uku, lotupa ngati chitumbuwa.

Za pakhomo tsopano. Lute anabereka mwana wamkazi mu Epulo, wojintcha, mphumi yake ndi yanu ndendende. Salira kawirikawiri. Amangoyang'anitsitsa pachitseko cha nyumba yanu n'kumamwetulira, ngati pali wina akumuseweretsa. Mbuzi yanu yamawanga yakana khola, imagona pakhonde panu. Nshawa zinabereka, koma zambiri zachita chuku chifukwa anaziunjika zisanaume, zomwe ndakhala ndikulalikira zaka zitatu kuti asamachite, popanda wondimva. Amati ndi za m'mabuku.

Ine sukulu ndamaliza, digiri ndatenga. Ku Finland andiitananso, zaka ziwiri, kukaphunzira za chuku chomwechi. Ndege ndi ya kumapeto kwa Ogasiti, ndipo ndikachedwa malo apatsa wina. Koma mmeto wanu wachiwiri, uja wokumasulani kuti mupite mukapume, amalume akuti udikire Okutobala chaka chikwane, ndipo ine amene lumo loyamba linandiphonya ndiyenera kudzakhalapo. Ndinawapempha kuti tiufulumize, poti chimanga chili kale m'nkhokwe. Anati, "Iwe ndi mapepala akowo ukufuna kuthamangitsa ndi akufa omwe?" Ndinati, "Amalume, munatha kuwalankhulitsa atamwalira, ndiye kusuntha tsiku kukukanikeni?" Lero ndi sabata, moni wanga sakuyankha.

Ndikanena kuti malowa ndingawataye, ndikukunamizani, Amayi. Ndawakhetsera thukuta, ndipo mudzi uno sungamadye nshawa zowola mpaka kalekale. Komanso sindikufuna kukaima ndekha pa chipale chija, foni n'kuliranso m'thumba.

Ndiye imvani zimene ndachita. M'mawa uno ndatapa chimanga m'nkhokwe yanu, ndowa zitatu, ndatunga madzi, ndaviika chimera cha mmeto wanu kuseri kwa nyumba osafunsa munthu. Kenako ndinapita pamjigo kukanena mokweza kuti aliyense amve. Mukudziwa inu kuti chimera chotere chikalowa m'madzi, abale onse amadika, mwamuna mphasa yake, mkazi mphasa yake, mpaka mowa utaphikidwa n'kumwedwa. Tione ngati amalume adike mpaka Okutobala. A Esnati anandipeza ndili pa ndowa yachitatu. Anayang'ana ndowazo, kenako anapita kukadula masamba a nthochi ovundikirira.

Tsiku la mmetolo ndidzakhala pamphasa, mutu ndidzaupereka kwa wometa, ndipo ndidzabwera pamene mwagonapo kudzagwada n'kukutsanzikani monga mwana amatsanzikira mayi ake. Ili ndi lonjezo. Kufikira pamenepo, chonde, foni ija isiyeni m'sutikesi.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Tikambenji