Chobayira cha a Cyprian

Lolemba, 9 Juni

Matumba afika. Osalowa mpweya aja, a mapulasitiki awiri mkati. Kuthira chimanga, kumanga pakamwa, basi, anankafumbwe amafera momwemo. Popanda mankhwala. Ine Emelda, wogula katundu wa kopaletivu ya alimi kwa Mlonyeni, lero ndagula chanzeru. Zomwe anatiphunzitsa ku Lilongwe zija, zoti wogula asamangothamangira chotchipa, aziganizanso za thanzi la odya.

Atcheya athu, a Wilson, angonyamula thumba ndi zala ziwiri. "Mtengo umenewu, mayi, bwenzi titagula masaka wamba ndi mankhwala omwe." Ndangoti chabwino. Akuti mu Seputembala aona ngati ndipitirize ntchito kapena ayi.

Lachinayi, 12 Juni

A Kwacha, bambo wogula chimanga wa ku Chipata ku Zambia, avomera pafoni. Amagaya ufa wa phala la ana, safuna chimanga chonunkha mankhwala. Tiwasungire, adzatenga chonse dzinja likayandikira.

Matumba tagawira alimi, akathire kwawo. Ine tsiku lonse kuboda, kufunsa za mapepala otulutsira chimanga. Fumbi, mathiraki, osintha ndalama kundikuwira ngati ndanyamula chikwama cha bwana. Kulandira chimanga ndasiyira a Cyprian, osunga nkhokwe. Munthu wamkulu, anayamba ntchitoyi ine ndili kupulayimale. Ndiwaphunzitse chiyani?

Lachiwiri, 19 Ogasiti

Mayo ine!

Ndalowa m'nkhokwe, pansi ufa mbuu. Anankafumbwe. Thumba lililonse kabowo pamimba.

A Cyprian atulutsa chitsulo chawo chobayira matumba, chosalala ndi kugwiridwa. Mlimi akabweretsa thumba, iwo kubaya, kuona ngati sanabise chowola mkati. Monga amachitira chaka chilichonse. "Nanga ndilandire thumba osabaya, mwana wanga? Simunandiuze."

Ndapsa mtima. Koma ndipsere ndani?

Lachitatu, 20 Ogasiti

Maphunziro a ku Lilongwe aja, sabata yathunthu. Kusankha wogulitsa wabwino, kuteteza chilengedwe, kuganiza zatsopano, tiyi kawiri patsiku. Palibe ndi mmodzi yemwe anatchulapo chobayira! Satifiketi ili pakhoma apo, ikungondiyang'ana.

A Wilson sanakalipe. Bola akanakalipa. Angoti, "Zatsopano zanuzi."

Mayi Consolata, mmodzi mwa alimi athu, anaima pakhomo la ofesi nthawi yaitali. Chimanga chawo cha chaka chonse chili m'menemo. Sindinathe kuwayang'ana kumaso.

Lachisanu, 22 Ogasiti

Mulu umodzi wapulumuka! Wa alimi a ku Kapondo. Unafika tsiku lomwe a Cyprian anali kumaliro, sunabayidwe. Ndamasula thumba limodzi, chimanga mbee, ngati chokolola dzulo. Ndinangokhala pansi pomwepo, misozi.

A Wilson akuti a Kwacha akaugula muluwo, ntchito ikadali yanga. Chofumbwacho tipeta, tigulitse motchipa pamsika.

Chobayira ndalanda, ndatsekera mudirowa. Ndasonkhanitsa onse, onyamula matumba, mlonda, ngakhale mayi wosesa. Thumba ili silibayidwa. Ndabwereza mpaka a Cyprian anati, "Tamva, aphunzitsi." Aseke, bola amve.

Lachitatu, 3 Seputembala

A Kwacha anati afika masana kudzaona chimanga. M'mawa ndathamangira kuboda, chidindo chimodzi chokha, mzere wake eee. Netiweki kulibe.

Pobwerera, galimoto ya nambala ya ku Zambia ili kale pakhomo. A Cyprian panja, manja kumutu. "Ndinawauza, mwana wanga. Akuti sagula chomwe sanaone mkati. Mlendo ndingamugwire dzanja?"

Ndalowa chothamanga. A Kwacha ali kumapeto kwa mulu, thukuta kamukamu, chimanga chodzaza m'manja, kumwetulira. Kudzanja linalo chitsulo. Chawochawo, anabwera nacho m'chikwama.

"Ni chabwino maningi, amayi! Lililonse nabaya, palibe loipa. Sungani bwino, nizatenga mu Disembala."

Ndinauza aliyense. Mlonda, wosesa. Wogula chimangayo yekha ndiye sindinamuuze.