Ndathyoletsa loko wa nyumba yanu

Amayi anga, kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno ku Etobicoke, kutsidya kwa nyanja, tili bwino, kungoti kwayamba kale kuzizira. Mdzukulu wanu Takondwa watalika mpaka kundipitirira. Ndikamulankhula Chichewa amayankha Chizungu, koma ndikamukalipira amamva zonse, palibe chomudutsa. Chibwabwa chimene ndinadzala m'zidebe pakhonde adya agologolo akuno, onenepa ngati amphaka, opanda ndi manyazi omwe. Kumudzi msuweni wanga Feliya wachira, mwana wamkazi, ndipo amupatsa dzina lanu. Chimanga sichinachite bwino chifukwa mvula inadula msanga, mtedza wokha ndiwo wayesako.

Tsopano khalani pansi, ndili ndi nkhani imene simuikonda.

Mukuwakumbuka mayi Rosa, nkhalamba ya ku Italy imene ndimaisamalira, ija ndinkakuuzani pafoni kuti imalavula mankhwala? Chaka chino anakakamira zoti akaone kwawo asanamwalire, pachilumba china chotchedwa Sisile. Tinapita atatu, iwo, mwana wawo wamkazi woyendetsa galimoto, ndi ine wokankha njinga yawo ya olumala. Poyamba anatitengera kokaona akachisi akalekale, mizati yamiyala ili njo, denga palibe, azungu akungojambula. Ine sizinandikhudze. Ndinkangoseka chamumtima kuti anthu awa, kuwoloka nyanja kudzaona bwinja!

Kuseka kunatha titakwera kumudzi kwawo. Mudziwo uli pansonga pa phiri, nyumba zamiyala zogundanagundana, tinjira tothina toti galimoto singalowe. Ndinakankha njinga mpaka msana kuwawa. Amayi inu, zii! Kopanda galu, kopanda nkhuku, kopanda mwana wolira. Zitseko zili zokhoma ndi maloko adzimbiri, koma ukasuzumira pazenera ukuona mitambo. Nyumba ina mkuyu wamera pabalaza penipeni. M'tchalitchi mwadzaza nkhunda. Mayi Rosa ankangoloza ndi ndodo kuti apa panali wophika buledi, ana ake ali ku Brampton kufupi ndi kuno kwathu, apo panali telala, ake ali ku Jeremani. Aliyense anatseka bwinobwino, natenga kiyi, nanena kuti abweranso.

M'kanjira ka kwawo nyumba imodzi yokha ndiyo inali ndi denga, zovala zili pachingwe, tomato m'zitini. Inali yawo. Mchimwene wawo anaikamo banja la ku Tunisia limene linabwera kudzagwira ganyu m'minda, ndipo iwo anadana naye pankhaniyi mpaka kumwalira kwake. Tsikulo mayi Rosa anamenya chitseko ndi ndodo, akutukwana kuti akuba. Mayi wa m'nyumbamo anangotsegula n'kutithandiza kunyamula njinga. Atalowa, mayi Rosa anasisita khoma, napeza shelefu imene bambo awo anakhoma idakalipo, ili ndi mbale za eni atsopanowa. Analira ngati mwana. Potsika phiri anayambanso kudandaula kuti penti apaka yonyansa, koma mawu oti akuba sindinawamvenso.

Ine maganizo onse anali pa nyumba yanu ku Nathenje. Mvula yagwa kawiri ili chitsekere. Feliya ananditumizira chithunzi: chiswe chalowa m'mafelemu, lata limodzi mphepo yakanganula, udzu wafika pazenera. Kodi si inu munkati nyumba imadya utsi, ukaimana imagwa? Nanga mwaimaniranji yanu?

Sindinaiwale zimene munandiuza kuchipatala mutandigwira dzanja, kuti Esinati asapondemo. Ine tsiku lija sindinavomere. Esinati ndi mkazi wa malemu achimwene anga a Yohane, mufune musafune. Amalume a Binwelo atamusudzula, iye anabwerera kwawo ku Mitundu, komwe alibe ndi malo omwe. Akugona m'khitchini mwa amayi ake aang'ono ndi ana atatu, zidzukulu zanu, wamng'ono uja akutsokomola osaleka. Munkati ndiye anabweretsa matenda amene anapha mwana wanu. Zoona zake palibe akuzidziwa, ndipo achimwene sanali mngelo, inu mukudziwa bwino kuposa ine.

Nditabwerako ku ulendo ndinaimbira amalume kuti apereke kiyi. Anakana. Akuti mawu a malemu salumphidwa, mzimu wanu ukwiya, ndipo ine chizungu chandizunguza mutu. Akuti nyumba idikire mwini wake, amene ndi ine. Idikire mpaka liti? Tisanamizane, amayi. Ine sindibwera kudzakhala posachedwa, ndipo Takondwa kwawo ndi kuno. Nyumba imeneyo ndinamanga ndi msana wangawu, kunyamula nkhalamba za eni, chipale chofewa chikugwa. Sindinaimangire chiswe ayi!

Ndiye Loweruka lapitali ndinatuma kalipentala, wathyola loko dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona. Esinati walowa. Wasesa, wakhomera lata lija, ndipo ana akugona kuchipinda kwanu. Zovala zanu wazipinda, waziika m'sutikesi, sanatengepo ngakhale duku. Amalume andichotsa pagulu la banja la pafoni, akuti ndine mwana wotembereredwa. Zandiwawa, sindinama, ndalira m'basi popita kuntchito. Koma sindibweza. Munkatiuza nokha kuti mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo wamkulu wotsala m'nyumba mwanu ndine.

Ngati mwakwiya, kwiyirani ine. Bwerani kuno kumaloto, mundikalipire mmene munkachitira, ndikuyankhani. Koma ana aja musawaopseze, ndipo Esinati mumusiye agone tulo. Iye sanapemphe kanthu, wolamula ndine.

Ndimakukondani, amayi, ndipo ndimakusowani tsiku lililonse. Chilimwe chikubwerachi ndibwera kudzamanga chiliza chanu. Ndidzafikira m'nyumba momwemo, ndipo kumanda tidzabwera tonse, ine, Esinati ndi ana a Yohane, mudzawaone mmene atalikira.

Ndine mwana wanu wamakani, amene ndinatengera inu nomwe,

Tiyamike